Galimoto yaing'ono yamagetsi yopitira kuntchito: Leaf, i-MiEV, Sakura, i3, za ku China, kapena mungokhala pa hybrid?

Amene anagonapo pa mzere wa petulo, chigubu chili m'buti, safunika kumuuza chifukwa chake nkhani ya galimoto zamagetsi yayamba kumveka m'maofesi. Zomwe talemba panozi ndi za munthu amene ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi wodziwika kale: kuchoka ku Area 25 kupita ku City Centre, ku Chilomoni kupita ku Limbe, ku Luwinga kulowa m'tauni ya Mzuzu, kutula ana kusukulu, kudzera kumsika, madzulo kubwerera pakhomo. Ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe, womwe ndi makilomita opitirira 300, ndi nkhani ina, ndipo zambiri mwa galimoto zili m'munsimu sizingaukwanitse popanda kugona panjira.

Pogula galimoto ya petulo anthu amayamba ndi dzina la kampani. Pa yamagetsi dzina limabwera pambuyo. Zoyamba ndi ziwiri: galimotoyo izigona pati usiku, ndipo batire lake latsala ndi moyo wotani.

ZOYENERA KUYEZA MUSANASANKHE

Makilomita a tsiku. Kwa sabata yathunthu muzilemba zomwe mita ya galimoto ikuonetsa m'mawa ndi madzulo. Tengani tsiku lomwe munayenda kwambiri, muchulukitse kawiri. Chiwerengero chimenecho ndiye mtunda womwe galimoto iyenera kukwanitsa lero, ndi batire lomwe ili nalo, osati womwe unalembedwa m'kabuku pomwe inali yatsopano. Kuchulukitsa kawiriko n'chifukwa choti batire limatha chaka ndi chaka, eyakoni imadya moto mu Okutobala, komanso padzakhala usiku wina womwe magetsi adzazima inu mutagona. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linakhala miyezi yambiri likugawana magetsi ochepa. Galimoto yanu izitha kuyenda masiku awiri pa kutchaja kumodzi.

Zitunda nazo muziwerengere. Kukweza galimoto yolemera makilogalamu 1,500 pa chitunda cha mamita 1,000 kumafuna moto wokwana 4 kWh (1 kWh ndi yunitsi imodzi ya pa mita ya ESCOM) pamwamba pa wa mtunda. Ndi momwe zilili pochoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre. Potsika, mota imabweza gawo la motowo m'batire, koma osati wonse, ndipo batire likakhala lodzaza silandira kanthu.

Potchajira. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230 V. Chingwe chotchajira chokoka 10 A chimapereka 2.3 kW. Galimoto ngati Leaf imadya pafupifupi 15 kWh pa makilomita 100 m'tauni. Kuphatikiza zomwe zimatayika potchaja, pa mita ya ESCOM pamachoka mayunitsi 17. Woyenda makilomita 40 patsiku ndiye kuti akufunika mayunitsi 7, kutchaja kwa maola atatu. Masamu a ndalama muchite nokha ndi mitengo ya mwezi uno: mayunitsi 17 mbali ino, malita 6 a petulo omwe galimoto yaing'ono imamwa m'tauni mbali inayo.

Soketi wamba ya m'chipinda siinapangidwire kunyamula moto wochuluka chotere kwa maola ambiri usiku uliwonse. Timano ta pulagi timatentha, pulasitiki imachita chikasu, kenako imasungunuka. Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso akoke waya wakewake wa 2.5 mm² kuchokera pa bolodi, aike breaker ya 16 A ndi RCD ya 30 mA (kachipangizo kodula magetsi akayamba kudutsa molakwika, koteteza munthu kugwidwa ndi magetsi), ndipo kumapeto kukhale soketi yabuluu ija ya m'mafakitale. Ayezenso waya wa earth, chifukwa zingwe zambiri zotchajira zimakana kugwira ntchito earth ikakhala yofooka, ndipo nyumba zambiri za m'makwalala athu zinalumikizidwa mwachidule. Muikenso choteteza ku moto wobwera mwamphamvu magetsi akamayaka. Ekisitenshoni yokulunga ija iwaleni. Ngati mumakhala nyumba ya lendi, mita ndi imodzi pa mabanja atatu, kapena galimoto imagona kwa mnansi wokhala ndi mpanda, konzani kaye zimenezi musanatumize ndalama kulikonse.

Sola imatheka koma si ya timapanelo tiwiri ta pa denga. Mapanelo a 1 kW amapereka mayunitsi 4 kapena 5 pa tsiku ladzuwa, choncho makilomita 40 akufuna mapanelo a 2 kW ndi inveta yosachepera 3 kW. Vuto lake n'loti masana galimoto imakhala kuntchito. Pokhapokha kuntchitoko akakulolani kutchaja, mudzafunikanso mabatire a m'nyumba osungira moto wa usiku.

Kutentha. Batire la lithium limakalamba msanga likamakhala lotentha komanso lodzaza. Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu zili pamtunda ndipo usiku kumazizira. Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga ndi kwina. Wokhala kumeneko afunse ngati batire la galimotoyo lili ndi choliziziritsa.

Msewu. Batire limakhala pansi pa galimoto. Mahampu aatali, miyala ya m'misewu ya fumbi ndi maenje a nthawi ya dzinja zonse zimalunjika pomwepo.

Kafikidwe kake. Galimoto za petulo zikatsika pa doko la Dar es Salaam madalaivala amangoziyendetsa mpaka ku Songwe. Yamagetsi siingatero, iyenera kukwera lole yonyamula galimoto, ndipo mtengo wake muuike m'bajeti kuyambira pachiyambi. Makampani ena a sitima amakana galimoto zamagetsi zogwiritsidwa kale ntchito, ena amafuna kuti batire likhale ndi moto wochepa. Za msonkho funsani ku MRA chaka chomwe mukugulacho, chifukwa zimasintha ndi bajeti ya boma.

1. NISSAN LEAF

Iyi ndiye yofala kwambiri pa msika wa galimoto zamagetsi zakale za ku Japan, ndipo chiwongolero chake chili kumanja monga timafunira. Inayamba mu 2010. Mitundu yake muidziwe ndi manambala a pa chassis: ZE0 ndi yoyambirira, ya 24 kWh, AZE0 inayamba kumapeto kwa 2012, ya 24 kWh, ndipo kuyambira 2015 panabweranso ya 30 kWh, ZE1 inayamba mu 2017 ndi 40 kWh, kenako mu 2019 kunabwera e+ ya 62 kWh. Ndi ya mipando isanu, buti lake ndi lalikulu ndithu.

Mtengo. Za 24 kWh ku Japan n'zotchipa mwakuti nthawi zambiri ndalama ya sitima ndi lole imaposa ya galimotoyo. Kutchipako kuli ndi chifukwa: mabatire ake atopa. ZE1 imadula kuposa pamenepo, koma pa kilomita iliyonse yomwe ingakupatseni m'zaka zikubwerazi ndiyo imatuluka bwino. Onjezani mtengo wa chingwe chatsopano. Cha ku Japan chinapangidwira 200 V, pulagi yake siilowa m'soketi zathu, ndipo kudula mutu n'kuika wina ndi njira yowotchera nyumba. Gulani chingwe cha 230 V chokhala ndi mutu wa Type 1, womwe umalowa pa khomo lotchajira la Leaf, chomwe mungachitsitse pa 10 A kapena 8 A.

Kupezeka. Pa masamba a intaneti a ogulitsa galimoto za ku Japan sizisowa. Luso lili pa kusankha. Pa dashibodi ya ZE0 ndi AZE0, kumanja kwenikweni, pali timizere 12 toonetsa moyo wa batire. Pa ZE1 timapezeka mu menyu. Musatisokoneze ndi timizere ta moto womwe uli m'batire panthawiyo. Kamzere koyamba kamazima moyo ukatsika kufika 85 peresenti, ndipo tina timazima pa mapesenti 6 ndi pang'ono paliponse. Galimoto ya timizere 9 ndiye kuti ili pa 70 peresenti: pa 24 kWh izi ndi makilomita 100 basi mukayendetsa mofatsa. Ya timizere 8 kutsika m'munsi ndi ya munthu woyenda makilomita 30 patsiku. ZE1 yomwe ili pa 85 peresenti imafika makilomita 200.

Timizere tokha sitikwanira, chifukwa wogulitsa wachinyengo amatha kufufuta zomwe kompyuta ya batire inasunga, timizere tonse n'kuyakanso, pakapita masabata n'kuyamba kugwa. Pemphani chithunzi cha pulogalamu ya LeafSpy, yomwe imalumikizana ndi galimoto kudzera pa kachipangizo ka OBD2. Onani zinthu zitatu. SOH ndiye moyo wa batire. Kusiyana kwa maselo, komwe kumalembedwa mu mV, kukhale kochepa. Batire lili ndi magulu 96 a maselo, ndipo limodzi likafooka galimoto imazima ngakhale ena onse ali ndi moto. Kusiyanaku kumaonekera bwino batire likatsika, ndiye chithunzi chojambulidwa lili lodzaza chimabisa zambiri. Chachitatu ndi chiwerengero cha maulendo omwe inatchajidwa mwachangu. Galimoto ya zaka 10, makilomita 120,000, yoonetsa timizere 12, popanda pepala losonyeza kuti batire linasinthidwa, muikayikire.

Kusamalira. Palibe oyilo wa injini, mapulagi, lamba wa timing, kapena ekizozi. Zotsala ndi mafuta a mabuleki zaka ziwiri zilizonse, oyilo wa m'giya yochepetsa liwiro yemwe ndi wochepera malita awiri, madzi oziziritsa mota ndi inveta, ndi sefa ya mpweya wa m'kati. Matayala ambiri ndi 205/55 R16, omwe amapezeka paliponse. Mashoko ndi mabushi amatha msanga chifukwa galimotoyi ndi yolemera tani ndi theka, koma makaniko aliyense wa Nissan angathe kusintha. Chomwe chimagoneka ma Leaf ambiri pamsewu ndi batire laling'ono la 12 V. Likafooka, kompyuta sizidzuka, dashibodi imadzaza nyali zochenjeza, munthu n'kuganiza kuti batire lalikulu lafa. Galimoto ikangofika kuchokera pa sitima, sinthani la 12 V ngati simukudziwa zaka zake.

Pa kutchaja, musaisiye yodzaza masiku ambiri padzuwa. Kwa ulendo wa tsiku ndi tsiku 80 peresenti ndi yokwana, ndipo galimotoyi ili ndi wotchi yotchajira yomwe mungaikonze kuti izimaliza m'bandakucha.

Zoopsa. Batire la Leaf, la mtundu uliwonse mwa amenewa, lilibe choliziziritsa. Kumtunda zimapirika, kuchigwa cha Shire ndi kunyanja likalamba msanga kuposa momwe mumayembekezera. La 30 kWh linali ndi vuto la pulogalamu yomwe inkaonetsa moyo wotsika kuposa weniweni, ndipo Nissan inatulutsa yokonza mu 2018, ndiye funsani ngati inaikidwa. Kusintha batire lonse n'kotheka, ngakhale kuika la 40 kWh mu AZE0 mothandizidwa ndi kachipangizo komasulira mauthenga, koma limalemera makilogalamu pafupifupi 300 ndipo kulitumiza n'kovuta. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula 360 V. Makaniko amene sanaphunzire ntchitoyi asawakhudze, ngakhale akhale katswiri wotani pa injini. Ikafa panjira inyamulidwe pa lole, osaikoka ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi. Khomo lake lotchajira mwachangu ndi CHAdeMO, pomwe ku South Africa ndi ku Ulaya malo atsopano ambiri amaika CCS2.

2. MITSUBISHI i-MiEV

Inayamba mu 2009, Leaf isanabwere. Ndi ya gulu la kei, lomwe muli Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto, mipando inayi, mota ili kumbuyo. Ku Ulaya inkagulitsidwanso ndi maina a Peugeot iOn ndi Citroën C-Zero.

Mtengo. Wotsika, ndipo imadya moto wochepa kuposa Leaf, mwina 12 kapena 13 kWh pa makilomita 100.

Kupezeka. N'zochepa pa msika, ndipo anasiya kuzipanga. Pali mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Ya 16 kWh ili ndi maselo 88 omwe amakalamba ngati a Leaf. Yotopa pang'ono werengerani makilomita 70 mpaka 80. Ya giredi M, yomwe inabwera mu 2011, ili ndi 10.5 kWh yokha koma maselo ake ndi a Toshiba otchedwa SCiB, omwe amatha pang'onopang'ono kwambiri ndipo sachita mantha ndi kutchajidwa kawirikawiri. M yakale ikhoza kukhala ndi mtunda wofanana ndi ya 16 kWh yotopa, n'kupitiriza kuusunga zaka zina zambiri. Ife tikanasankha M. Moyo wa batire umaonedwa ndi pulogalamu ya CaniOn. Kwa a bizinesi yotumiza katundu m'tauni, palinso kaveni ka Minicab-MiEV kogwiritsa ntchito zipangizo zofanana.

Kusamalira. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana, 145/65 R15 ndi 175/55 R15, ndipo akutsogolowo simungawapeze mwachisawawa ku Bwalo la Njobvu. Itanitsiranitu awiri osunga.

Zoopsa. Bokosi lotchajira la m'kati, lomwenso limadzaza batire la 12 V, limadziwika kuti limapsa: timakapasita tina timaphulika, fyuzi n'kuduka, galimoto n'kusiya kutchaja. Wodziwa kukonza mabolodi a zamagetsi angalikonze, koma galimoto idzaima kudikira zipangizo. Magetsi okwera ndi kutsika ngati athu salichitira chifundo bokosi limeneli. Komanso ndi kagalimoto kopapatiza, kosayenera kupikisana ndi mathiraki pa M1.

3. NISSAN SAKURA NDI MITSUBISHI eK X EV

Ndi galimoto imodzi ya maina awiri, inatuluka mu 2022. Kei ya mipando inayi, batire la 20 kWh, mota ya 47 kW, denga lalitali mwakuti munthu wamtali amakhala momasuka.

Mtengo. Popeza ndi yaposachedwa, imatha kudula ngati ZE1 yomwe ili ndi batire lowirikiza kawiri. Apa m'pamene wogula ayenera kuganiza mofatsa: mukulipira unyamata wa batire, osati kukula kwake.

Kupezeka. Inagulidwa kwambiri ku Japan, ndiye zakale zake zikuchuluka chaka ndi chaka. Inapangidwira msika wa ku Japan wokha, choncho zolemba za pa dashibodi ndi za Chijapani ndipo magalasi, nyali ndi mabampa muziitanitsa komweko.

Kusamalira. Kochepa. Matayala a 155/65 R14 ndi omwewo a kei zambiri zomwe zili kale m'misewu yathu. Pa 10 A imadzaza usiku umodzi kuchokera pansi.

Zoopsa. Kabuku kamati makilomita 180. Inu werengerani 120 mpaka 140 ndi eyakoni. Ubwino wake waukulu pa Leaf ndi woti batire limaziziritsidwa ndi gasi wa eyakoni, zomwe zikutanthauzanso kuti eyakoni ikadontha si nkhani ya thukuta lokha, iyenera kukonzedwa msanga. Buti ndi laling'ono. Thumba la chimanga la 50 kg limafuna kupinda mpando. Monga galimoto zambiri za ku Japan za masiku ano, ilibe tayala lapadera, amangoikamo botolo la zomatira ndi kapampu.

4. BMW i3

Inapangidwa kuyambira 2013 mpaka 2022. Mabatire ake amatchulidwa ndi Ah: 60 Ah ndi 22 kWh, 94 Ah ndi 33 kWh, 120 Ah ndi 42 kWh. Batire limaziziritsidwa ndipo limakalamba bwino kuposa la Leaf. Mtundu wa REx uli ndi kainjini ka petulo ka masilinda awiri, 647 cc, komwe sikayendetsa matayala koma kamapanga magetsi batire likatsika, ndi thanki ya malita 9.

Mtengo. Wokwera pogula, wokweranso chikaonongeka chilichonse.

Kupezeka. Za chiwongolero chakumanja zimachokera ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa. Ya ku Joni ili ndi mwayi woti zipangizo ndi akatswiri ali kumapeto kwa msewu womwe mabasi athu amayenda sabata iliyonse. Ya ku Japan imabwera ndi CHAdeMO. Zinazo zimakhala ndi Type 2, ndipo zina zoyambirira zilibe khomo lotchajira mwachangu.

Kusamalira. Matayala ndi aatali koma opyapyala, 155/70 R19 kutsogolo, saizi yomwe pafupifupi galimoto ina iliyonse siigwiritsa ntchito. Dzenje limodzi lakuthwa ndiye kuti galimoto yaima mpaka tayala lichokere kunja. REx imabwezanso ntchito zomwe mumazithawa, oyilo ndi mapulagi, ndipo petulo wokhalitsa m'thanki amaonongeka.

Zoopsa. Chimango cha thupi lake ndi cha carbon fibre. Ikagundidwa kwambiri, owongola galimoto a ku Ndirande kapena ku Biwi sangaimenye ndi hamala n'kuwotcherera. Kompuresa ya eyakoni ikasweka imamwaza tizitsulo m'mapaipi omwe amafikanso ku batire, ndipo kukonza kwake kumatha kuyandikira mtengo wa galimotoyo. Ndi yotsika, mamilimita 140 kuchokera pansi. Ndi galimoto yokoma kuyendetsa, koma misewu yathu yambiri siiyenera.

5. ZA KU CHINA: BYD DOLPHIN NDI TIMAGALIMOTO TOTCHIPA

Apa pali zinthu ziwiri zosiyana kwambiri zomwe otsatsa amaziika m'dengu limodzi.

BYD Dolphin ndi galimoto yeniyeni ya banja, yomwe imapangidwanso ya chiwongolero chakumanja ndipo imagulitsidwa ku South Africa, Britain, Thailand ndi Australia. Batire lake ndi la mtundu wa LFP, 44.9 kWh kapena 60.4 kWh.

Mtengo. Ndiyo yodula pa zonse zili pano, ndipo imalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense anaona momwe mtengo wotere umasinthira usiku umodzi.

Kupezeka. Gulani yopangidwira misika ya kunja, ya Type 2 ndi CCS2. Funsani molemba ngati chitsimikizo cha kampani chimagwirabe ntchito galimoto ikawoloka malire, ndiponso komwe mungakaikonzetse.

Kusamalira. LFP imapirira kutentha, ndipo kuidzaza mpaka 100 peresenti sikuivulaza ngati mabatire enawa; kumathandizanso kuti kompyuta iziwerenga moto molondola. Batire lalikulu limafuna nthawi: pa 2.3 kW, la 44.9 kWh limatenga maola opitirira 20 kuchokera pansi. Kwa woyenda m'tauni izi si vuto, chifukwa usiku uliwonse mumangobwezera zomwe mwadya. Bokosi lapakhoma la 7 kW limafuna waya wa 32 A, ndipo wamagetsi aone kaye ngati nyumbayo ingapirire limodzi ndi kuka ndi giza. Ili ndi V2L, kutanthauza kuti magetsi akazima mungalumikize firiji, nyali ndi kompyuta ku galimoto.

Zoopsa. Zambiri zimayendetsedwa ndi pulogalamu, ndipo makina oyezera a m'magalaja athu ambiri saziwerenga mokwanira. Kangozi kakang'ono kangaimike galimoto miyezi kudikira nyali kapena bampa.

Gulu linalo ndi la timagalimoto ngati Wuling Hongguang Mini EV ya 2020: yosakwana mamita atatu, batire la 9.3 kapena 13.9 kWh, matayala a mainchesi 12. Mtengo wake pa intaneti umakopa. Koma zopangidwira msika wa ku China zili ndi chiwongolero kumanzere, khomo lotchajira la GB/T, zolemba za Chitchaina, ndipo zoyambirira zinalibe airbag. Kupitirira minibasi yoima pa siteji muli kumanzere, osaona zomwe zikubwera kutsogolo, n'kuika moyo pachiswe. Musanalipire, funsani ku Road Traffic ngati angailembetse komanso a inshuwalansi ngati angaivomere. Pali zina zotchipitsitsa zopanda dzina zomwe zimayendera mabatire a mtovu. Amenewo amatha m'zaka ziwiri kapena zitatu.

6. TOYOTA AQUA, KWA AMENE ALIBE POTCHAJIRA

Si yamagetsi okhaokha: ndi hybrid, yoyendera petulo mothandizidwa ndi mota yamagetsi. Koma kuisiya kungakhale kubisa njira yomwe ikuyenera anthu ambiri. Inayamba mu 2011, ili ndi injini ya 1.5 ndi batire laling'ono la NiMH losakwana 1 kWh, lomwe limadzitchaja lokha poyenda.

Mtengo. Wapakati, ndipo poigulitsa simusowa wogula, zomwe pa yamagetsi sizinafike. M'tauni imamwa malita 4 kapena 5 pa makilomita 100.

Kupezeka. Zilipo kale zambiri m'dziko muno, zipangizo zake zimapezeka, ndipo imayenda yokha kuchokera ku doko.

Kusamalira. Monga galimoto ya petulo, kuphatikizapo chinthu chimodzi chomwe eni ambiri sachidziwa: fani yoziziritsa batire ili pansi pa mpando wakumbuyo. Fumbi la m'chilimwe limaitseka, batire limatentha, n'kufa msanga. Muziiyeretsa pa sevisi iliyonse ndipo musatseke pomwe imakokera mpweya ndi katundu kapena nsalu.

Zoopsa. Batire la zakale latopa, ngakhale kulisintha n'kotchipa poyerekeza ndi la Leaf. Pampu ya mabuleki ikayamba kulira pafupipafupi, konzekerani ndalama. Ndipo mafuta akasowa, mzere uja mukhalapobe, kungoti mocheperapo.

NDANI ATENGE ITI

Muli ndi nyumba ya mpanda ndi mita yanuyanu ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mumayenda makilomita 40 mpaka 80 patsiku, ana ndi atatu: Leaf ZE1 ya 40 kWh yokhala ndi chithunzi chabwino cha LeafSpy. Blantyre kupita ku Zomba n'kubwerera, makilomita 130, imakwanitsa.

Pakhomo pali kale galimoto ya petulo ya maulendo akumudzi, mukufuna yachiwiri yotula ana ndi kupitira kumsika, makilomita osapitirira 40: AZE0 ya timizere 9 kukwera m'mwamba, kapena i-MiEV ya giredi M ngati muli okonzeka kusunga matayala.

Ndinu awiri kapena atatu, misewu yanu ndi ya phula, ndipo mukufuna batire loti lidzakhale zaka zambiri: Sakura. Kwa wokhala kunyanja kapena kuchigwa amene amayenda mtunda waufupi, imaposa Leaf chifukwa cha choziziritsa chija.

Mukufuna galimoto imodzi yochita zonse, ndalama zilipo, kwanu n'kotentha kapena magetsi amazimazima: Dolphin yopangidwira misika ya kunja kwa China, mutatsimikiza za komwe izikakonzedwa.

i3 ndi ya amene amapita ku Johannesburg kawirikawiri kapena ali ndi wachibale wotumiza zipangizo, ndipo msewu wochoka pakhomo pake mpaka kuntchito ulibe maenje.

Mumachita lendi pa mita yogawana, galimoto imagona pabwalo, kapena mwezi uliwonse mumapita kumudzi ku Mzimba kapena ku Phalombe ndi galimoto yomweyo: tengani Aqua, ndipo nkhani ya yamagetsi mudzaiganizirenso mukadzakhala ndi soketi yanuyanu.